Kiyi Ali M'thumba, Galimoto Yapita

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tili pa nkhani ya magalimoto aja otseguka okha mwini akangogwira chitseko, olira pongodina batani, kiyi ali phee m'thumba kapena m'chikwama. Ogulitsa amawatchula kuti a push start kapena a keyless, ndipo poika mtengo amaliwerengera lusoli ngati chokometsera. Magalimoto ambiri ogwirapo kale ntchito amene akuchokera ku Japan masiku ano, ngakhale ang'onoang'ono monga Toyota Vitz, Honda Fit ndi Nissan Note, amabwera otere. Mfundo imene ndikufuna tiiyese pamodzi ndi iyi: luso limeneli linachotsa dzanja la mwini galimoto pa ntchito yotsegula, kuliza ndi kuzimitsa, ndipo mavuto ake akuluakulu, kuyambira umbava mpaka imfa, gwero lake ndi lomwelo. Opanga magalimoto anachidziwa kalekale chofookachi, koma amene wakhala akusenza katundu wake ndi wogula, makamaka wogula galimoto yakale amene ali kutali ndi fakitale.

Tiyambe ndi kiyi wachitsulo amene tonse tinakula tikumuona. Munthu akalowetsa kiyi pachitseko n'kupotokola, amakhala watsimikizira galimoto zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti kiyi ali pomwepo, ndiponso kuti womugwirayo wafuna kuti chitseko chitseguke. M'chaka cha 1982, kampani ya Renault ya ku France inatulutsa galimoto yotchedwa Fuego yokhala ndi rimoti yokhomera zitseko munthu ali chapatali. Mtunda unawonjezeka, koma chala chinkayenerabe kudina. M'zaka za m'ma 1990 kunafala chipangizo chimene chinazunguza kwambiri mbava, imobilaiza. M'mutu mwa kiyi anaikamo kachipangizo kamene galimoto imakawerenga kiyi akalowa pamalo ake, ndipo ikapanda kukazindikira, injini siilira ngakhale wina alumikize mawaya chotani. Mayiko a European Union analamula kuti kuyambira 1998 galimoto iliyonse yatsopano ikhale ndi imobilaiza, ndipo akatswiri awiri a zachuma a ku Netherlands, Jan van Ours ndi Ben Vollaard, atafufuza anapeza kuti chipangizochi chinachepetsa kuba magalimoto ndi pafupifupi 40 peresenti. Mphamvu yake inagona pa kufupika kwa mtunda, chifukwa kachipangizoko kankawerengeka pokhapokha kiyi ali pa masentimita ochepa chabe. Koma chakumapeto kwa zaka zomwezo, kampani ya Mercedes-Benz inayamba kugulitsa magalimoto ake apamwamba a S-Class okhala ndi luso la Keyless-Go, makampani ena n'kutsatira, mpaka lusolo linatsikira ku magalimoto a anthu wamba.

Kuti timvetse pamene pali chibowo, tione mmene galimoto yotere imalankhulirana ndi kiyi wake. M'zogwirira zitseko ndi mkati mwa galimoto muli tieriyo ting'onoting'ono totumiza mafunde ofooka, nthawi zambiri pa 125 kHz, amene amafika mita imodzi kapena awiri basi. Mafunde amenewa ndi funso lakuti, kodi kiyi wanga uli pafupi? Kiyi akalimva funsolo amayankha yekha, popanda womudina, pa mafunde ena amphamvu a 315 MHz, monga m'magalimoto a ku Japan ndi America, kapena 433 MHz ku Ulaya, ndipo yankholi limatha kuyenda mamita makumi angapo. Funso ndi yankho zimakhala zobisika ndi masamu achinsinsi amene amasintha nthawi iliyonse, moti kungojambula yankho la dzulo sikungatsegule galimoto lero. Mpaka apa zonse zikuoneka zolimba. Koma onani chimene galimoto yangochitenga ngati choona popanda kuchiyeza. Ikuganiza kuti popeza funso lake silifika patali, ndiye kuti kiyi amene wayankha ali pafupi, ndipo popeza ali pafupi, mwini wake akufuna kulowa. Mtunda sinauyeze. Chifuniro cha mwini sinachifunse. Maumboni awiri aja amene kiyi wachitsulo ankapereka asanduka kungoganizira.

Mbava zinapeza kuti sizifunikira kuthyola masamu achinsinsiwo. Zimangofunika kunyamula funso la galimoto kukalifikitsa kumene kuli kiyi. Mmodzi amaima pafupi ndi galimoto ndi kabokosi kotola mafunde, mnzake amaima pakhoma kapena pawindo la nyumba ndi kabokosi kena kowatulutsa. Kiyi amene wasiyidwa patebulo amamva ngati galimoto ili pambali pake, n'kuyankha moona mtima. Zili ngati mlonda amene anauzidwa kuti usiku azitsegula geti akamva mawu a abwana ake, ndiye wakuba n'kugunditsa foni pageti abwanawo akulankhula ali kutali. Mawuwo ndi enieni. Chabodza ndi malo amene akuchokera. Mu November 2017, apolisi a West Midlands ku England anatulutsa kanema wojambulidwa ku Solihull woonetsa anthu awiri akutenga galimoto ya Mercedes mwa njira imeneyi m'kanthawi kokwana ngati mphindi imodzi, osaswa galasi, alamu osalira. Mwina mukufunsa kuti, nanga galimotoyo ikachoka, kiyi n'kutsala, bwanji siizima? Opanga anakonza dala kuti isazime, poopa kuti batire la kiyi likafa munthu ali pa liwiro, injini ingazime pakati pa msewu n'kuchititsa ngozi. Chifukwacho n'chomveka, koma phindu lake amadya ndi wakuba, amene amayendetsa mpaka kumalo obisika kumene amakaphunzitsa galimotoyo kiyi wina kapena kuiphwasula kuti agulitse zipangizo.

Tsopano tamverani zaka izi, chifukwa ndi zimene zikusonyeza amene ali ndi mlandu. M'chaka cha 1993, Keyless-Go isanafike pamsika, akatswiri awiri a masamu achinsinsi, Stefan Brands ndi David Chaum, anali atafotokoza kale njira yotsekera chibowo chotere: kuyeza nthawi imene yankho latenga kuti libwere, osati mphamvu yake. M'chaka cha 2011, Aurélien Francillon, Boris Danev ndi Srdjan Capkun a pa sukulu ya ukachenjede ya ETH Zurich ku Switzerland anayesa magalimoto 10 a makampani 8, ndipo onse anatseguka ndi kulira kiyi ali patali. Bungwe la eni magalimoto la ku Germany, ADAC, linayamba kufalitsa zoyesa zake mu 2016, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2019 linali litayesa magalimoto 237. Mwa amenewo, 230 anatseguka ndi kulira, 4 analolera chimodzi mwa ziwirizo, ndipo 3 okha, onse a kampani ya Jaguar Land Rover, ndi amene anakana zonse. Zaka 8 zinadutsa chichenjezere akatswiri a ku Zurich, koma pafupifupi galimoto iliyonse yoyesedwa inali ndi nthenda yomweyo. Kafukufuku wa boma wa za umbanda ku England ndi Wales wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti pa magalimoto 10 aliwonse obedwa, 4 anabedwa mwa kusokoneza mafunde a kiyi.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula wailesi yanu, tikukambirana za magalimoto otseguka ndi kulira popanda kulowetsa kiyi. Kunyamula mafunde ndi njira imodzi chabe. Chitseko, chiwongolero ndi injini zikayamba kumvera uthenga wamagetsi wokha wonena kuti kiyi alipo, aliyense wotha kupanga uthengawo wasanduka mwini galimoto. M'chaka cha 2022, katswiri wa chitetezo cha makompyuta a m'galimoto, Ian Tabor, anapeza nyale yakutsogolo ya Toyota RAV4 yake ku London itasokonezedwa, ndipo posakhalitsa galimotoyo inabedwa. Iye ndi katswiri mnzake Ken Tindell anafalitsa mu April 2023 zimene anapeza: mbava zinafika pa mawaya a nyale, amene amalumikizana ndi makompyuta ena a m'galimotomo, n'kulowetsapo uthenga wabodza wakuti kiyi watsimikizika. Kachipangizo kochitira zimenezi kanali kobisidwa m'chikopa cha sipika wamba wa Bluetooth. Mu 2021, apolisi a West Yorkshire anagwira gulu limene linkaba magalimoto a Mitsubishi Outlander ndi chipangizo chooneka ngati choseweretsa ana cha Game Boy, cha mtengo wa mapaundi 20,000. Nawo masamu achinsinsi aja sakhala olimba nthawi zonse. Mu 2016, ofufuza a pa yunivesite ya Birmingham, pakati pawo Flavio Garcia ndi David Oswald, anasonyeza kuti magalimoto pafupifupi 100 miliyoni a kampani ya Volkswagen ndi nthambi zake ankadalira manambala achinsinsi ochepa ofanana pa marimoti awo. Mu 2018, ofufuza a KU Leuven ku Belgium anakopera kiyi wa Tesla Model S m'masekondi ochepa. Ndipo dziwani kuti mu 2013, pamene Garcia ndi anzake a ku Netherlands anafuna kufalitsa chofooka cha imobilaiza yotchedwa Megamos, kampani ya Volkswagen inakatenga chiletso ku khoti la ku London, moti kafukufukuyo anatuluka mu 2015. Kwa zaka ziwiri, eni magalimoto ndiwo anatsala mumdima.

Vuto lachiwiri silikhudza mbava n'komwe, koma ndi limene latenga miyoyo. Ndi kiyi wachitsulo, munthu sangachoke ndi kiyi m'thumba injini ili kulira. Kuti amuzule ayenera kuzimitsa kaye. Chizolowezi chimenechi chinakhazikika m'mitu ya madalaivala kwa zaka makumi ambiri: kiyi ali m'manja ndiye kuti galimoto yazima. Batani linathetsa mgwirizano umenewu. Injini zamakono n'zosasokosa, ndipo magalimoto oyendera mafuta ndi magetsi pamodzi, monga Toyota Prius ndi Aqua, amakhala chete akaima, injini n'kudzayamba yokha batire likatsika. Munthu amalowetsa galimoto mu galaja yolumikizana ndi nyumba, n'kutseka chitseko, n'kukagona. Utsi umatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Suoneka, sununkha, ndipo umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Mu May 2018, nyuzipepala ya New York Times inawerenga anthu 28 omwalira ndi 45 ovulala mwa njira imeneyi ku United States kuyambira 2006. Nthambi ya boma yoona za chitetezo cha pamsewu kumeneko, NHTSA, inali itapereka kale ganizo mu 2011 lakuti magalimoto otere azikhala ndi chenjezo lomveka kwambiri, koma makampani anatsutsa ndipo ganizolo silinasanduke lamulo. Ford inayamba yokha mu 2013 kupanga magalimoto ozima okha akalira mphindi 30 kiyi palibe, zomwe zinasonyeza kuti mankhwala ake sanali ovuta. Zinatengera nyumba ya malamulo ya dzikolo mpaka 2021 kuti ilamule kuti pakonzedwe lamulo lokakamiza zimenezi.

Pali mtengo wina umene wogula sauona tsiku logula. Kiyi wachitsulo akatayika, wodula makiyi amasema wina pa ndalama zochepa. Kiyi wa keyless ndi kakompyuta. Kuti wina agwire ntchito payenera kupezeka wofanana ndi mtundu wa galimotoyo komanso mafunde a dziko limene inachokera, kenako katswiri wokhala ndi makina amuphunzitse ku galimoto. Makiyi onse akatayika, ntchito imakula, ndipo pa magalimoto ena pamafunika kusintha kapena kukonzanso kompyuta yomwe. Magalimoto ambiri ochokera kunja amafika ndi kiyi mmodzi yekha, kutanthauza kuti tsiku limodzi la tsoka likhoza kuimika galimoto kwa milungu. Kumene umbava wakula, inshuwalansi nayo imakwera. Ku London eni ake a Range Rover anafika povutika kupeza kampani yowalandira pa mtengo wofikirika, mpaka Jaguar Land Rover inayambitsa inshuwalansi yakeyake mu 2023. Ku Canada, makampani a inshuwalansi analipira madola a dzikolo 1.5 biliyoni chifukwa cha magalimoto obedwa mu 2023, ndipo boma linaitanitsa msonkhano wa dziko lonse ku Ottawa mu February 2024. Ndalama zimenezo zimabwerera kwa aliyense wolipira inshuwalansi, ngakhale amene galimoto yake sinabedwepo.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Si onse angavomereze zimene ndanenazi, ndipo zotsutsa zawo zili ndi mutu. Wina anganene kuti magalimoto a kiyi wachitsulo nawonso ankabedwa, mwinanso mosavuta. N'zoona. Kuyambira 2021, mu mzinda wa Milwaukee ndi mizinda ina ya ku United States, achinyamata anaba magalimoto ambirimbiri a Kia ndi Hyundai pogwiritsa ntchito sikuludalaiva ndi chingwe cha USB, atayionera njirayo pa TikTok, ndipo mu 2023 makampani awiriwo anavomera kulipira madola pafupifupi 200 miliyoni. Magalimoto amenewo anali a kiyi wopotokola. Koma chimene chinawagwetsa n'chakuti analibe imobilaiza, popeza dzikolo lilibe lamulo loikakamiza. Choncho tisayerekeze keyless ndi galimoto ya m'ma 1980 yolira ndi mawaya awiri. Tiiyerekeze ndi kiyi wachitsulo wokhala ndi imobilaiza, amene anachepetsa umbava ndi 40 peresenti ija. Canada inalamula imobilaiza mu 2007 ndipo vuto la Kia ndi Hyundai silinaigwere motero, komabe ndi dziko lomwelo limene lalira ndi umbava wa magalimoto amakono. Imobilaiza ikadalimo m'magalimoto amenewo, kungoti tsopano imamasulidwa ndi uthenga umene ungachokere kwina.

Wina anganene kuti wolakwa ndi wakuba, osati wopanga, ndiye tiletse zipangizo zobera. Boma la Britain linatenga njira imeneyi mu 2025, pamene linabweretsa ku nyumba ya malamulo bilu yakuti wopezeka ndi zipangizo zotere, kuzigulitsa kapena kuzilowetsa m'dziko akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 5. Lamulo lotere limathandiza apolisi, chifukwa kale ankayenera kusonyeza kuti chipangizocho chinagwiradi ntchito pa mlandu wakutiwakuti. Koma kabokosi konyamula mafunde si chida chovuta kupanga. Kamapangidwa ndi zipangizo wamba za wailesi zogulika paliponse, ndipo kamabisika m'sipika kapena m'choseweretsa. Lamulo limagwira munthu amene wapezeka kale, pamene chibowo chili m'magalimoto mamiliyoni oima panja usiku uliwonse. Palinso amene amati walira mvula walira matope, wogula anafuna yekha zofewa, alandire zotsatira zake. Mwambiwo umagwira munthu amene akudziwa kuti mvula imabwera ndi matope. Wogula sanauzidwe kuti kiyi wake amayankha aliyense womufunsa, ndipo pa mitundu yambiri ya magalimoto masiku ano alibe mwayi wosankha wina wopanda lusoli. Sindikukana kuti ubwino wake ulipo. Kwa munthu wa nyamakazi m'zala, kwa mayi wobereka mwana atanyamulanso katundu, kwa wofuna kulowa msanga m'galimoto pamalo a mdima, kusafufuza kiyi n'chithandizo chenicheni. N'chifukwa chake sindikunena kuti lusoli lithetsedwe, koma kuti silinayenere kugulitsidwa lisanathe kuyeza mtunda.

Chotsutsa champhamvu kwambiri n'chakuti vutoli linakonzedwa kale. Magalimoto atatu a Jaguar Land Rover aja anapulumuka chifukwa cha luso lotchedwa ultra-wideband, limene limachita zomwe Brands ndi Chaum ananena. Mafunde a wailesi amayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo galimoto imawerenga nthawi imene funso latenga kupita ndi yankho kubwera. Wakuba akhoza kukweza mphamvu ya mafunde, koma sangafupikitse nthawi ya ulendo wawo. Kabokosi kalikonse koikidwa pakati kamangouchedwetsa. Makampani ena anaika m'makiyi kachipangizo komva kugwedezeka: kuyambira 2019 makiyi a Ford Fiesta ndi Focus amagona akakhala masekondi 40 osasuntha. Tesla inabweretsa nambala yachinsinsi yoyamba kulembedwa galimoto isanayende. Zonsezi n'zabwino, ndipo zikutsimikiza mfundo yathu, chifukwa chilichonse chikubwezera chimodzi mwa ziwiri zija, umboni wa mtunda kapena wa chifuniro. Koma kiyi wogona patebulo amadzuka akakhala m'thumba la munthu woyenda mu sitolo. Kuyeza mtunda sikuletsa wolowera pa mawaya a nyale. Ndipo chachikulu, zokonzazi zimalowa m'magalimoto atsopano, pamene galimoto imakhala pamsewu zaka 15 kapena 20. Yopangidwa mu 2012 kapena 2016 ikadzatopetsa mwini wake ku Nagoya kapena ku Birmingham, imakwera sitima kupita ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban ili ndi chibowo chake chomwecho, ndipo kalata yoiitanira kukakonzedwa siidzamupeza mwini wachitatu.

Apa ndi pamene timva chotsutsa chakwathu: mbava za kuno zilibe zipangizo zotere, zimathyola galasi, kuba batire kapena kulanda galimoto pageti. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Luso lobera limatsatira galimoto kumene yapita, ndipo mtengo wa zipangizo zamagetsi umatsika chaka ndi chaka. Abale athu okhala ku South Africa akulidziwa kale vuto la m'malo oimika magalimoto pa masitolo akuluakulu, pamene wina amadina rimoti ina yophimba mafunde nthawi imene mwini akukhoma, galimoto n'kutsala yosakhoma, katundu n'kupita popanda chizindikiro cha kuthyola, chimene makampani a inshuwalansi amafuna kuona. Apanso chasowa ndi dzanja loyesa chitseko. Komanso nkhaniyi imatikhudza kuchokera mbali ina, ya msika. Mu 2015, Lexus yobedwa ku London inalondoledwa mpaka ku Kampala ku Uganda, kumene inapezeka pamodzi ndi magalimoto ena oposa 20 obedwa ku Britain. Mayiko oyendetsa kumanzere kwa msewu monga Uganda, Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi msika woyenerera magalimoto a ku Britain, Japan ndi South Africa. Wogula galimoto yodula pa mtengo wokayikitsa akhoza kutaya galimoto ndi ndalama zomwe apolisi akadzapeza nambala yake m'kaundula wa Interpol.

Nanga amene muli nayo kale galimoto yotere mutani? Bwezeranipo chinthu chimene chimafuna dzanja. Usiku ikani makiyi onse, wapadera yemwe, kutali ndi chitseko ndi mawindo, m'kachikwama kotchinga mafunde kapena m'chitini chachitsulo cha chivindikiro chothina, ndipo chiyeseni poyandikira nacho galimoto. Ikatseguka, chitinicho sichikuthandiza. Onani m'buku la galimoto ngati kiyi angathe kuzimitsidwa. Pa makiyi ambiri a Toyota mumagwira batani lokhomera n'kudina lotsegulira kawiri, kanyale n'kuphethira kanayi. Loko wachitsulo wa chiwongolero kapena wa giya, amene ena anayamba kumuyesa wachikale, amakakamiza wakuba kutaya nthawi ndi kuchita phokoso, zinthu ziwiri zimene iye anagulira kabokosi kuti azipewe. Makaniko wodalirika wa zamagetsi akhoza kuika switchi yobisika yodula mafuta, ndipo chipangizo cholondolera galimoto chimathandiza ikabedwa. Mukakhoma, kokani chitseko musanachoke. Mukaima, onetsetsani kuti giya ili pa P ndipo magetsi a kutsogolo kwa dalaivala azima, makamaka ngati galaja yagundana ndi chipinda chogona. Dziwaninso kuti mkati mwa kiyi muli kakiyi kachitsulo kotsegulira chitseko batire likafa, ndipo magalimoto ambiri amalira mukagunditsa kiyi pa batani.

Koma tisalole kuti malangizo amenewa abise mwini udindo. N'zosamveka kuti munthu alipire ndalama zowonjezera kuti asamagwire kiyi, kenako agulenso chitini ndi loko wachitsulo kuti adziteteze ku chimene walipiracho. Mayiko opanga magalimoto ayenera kukakamiza makampani kuyeza mtunda, kuteteza mawaya a mkati ndi kuzimitsa injini yoiwalika, ndiponso kukonza magalimoto akale, osati atsopano okha. Kuno kumene timalandira magalimotowo tilinso ndi gawo lathu. Woitanitsa ndi wogulitsa anene poyera kuti galimoto yabwera ndi makiyi angati, ndipo wogula apemphe katswiri kuti aone makiyi amene kompyuta ya galimoto ikuwadziwa, afufute amene sali m'manja mwake. Nambala ya chasisi itsimikizidwe kwa apolisi ndalama isanaperekedwe. Makampani a inshuwalansi alembe momveka chimene amachita galimoto ikabedwa popanda chothyoledwa, makiyi ali kwa mwini, ndipo inu mufunse funso limeneli musanasaine. Masukulu ophunzitsa kuyendetsa galimoto aphunzitse kuzimitsa galimoto ya batani monga amaphunzitsira kuimika pa chitunda. Zimenezi zikhoza kuyamba chaka chino, popanda kudikira galimoto yatsopano ya ku fakitale.

(NYIMBO YOTSEKERA PULOGALAMU)